Waya wa mkuwa amene ndinalanda m'kalasi

 Pepani kuti ndakhala chete nthawi yaitali. Teremu yathayi inali ya mpanipani, ndipo amene munachongapo makope a kalasi ya ana 90 mukudziwa kuti munthu ukamaliza mutu umakhala utauma gwa, sungalembe ngakhale kalata yopempha ngongole. Lero ndabwera ndi mlandu wanga womwe. Ena mwa inu amene munali mu Fomu 3 chaka chimenecho muukumbukira, paja munaseka nawo. Dzina la mwini nkhani sinditchula. Amene mukumudziwa, sungani mumtima.

Unali mwezi wa Juni, nthawi ija mphepo ya ku Dzaleka imalowera pa mawindo osweka n'kukafika m'mafupa. Ndinali kulembetsa manotsi a History, mutu wa Ingombe Ilede. Aphunzitsi anzanga mukudziwa m'mene timauphunzitsira mutu umenewu: malowa ali ku Zambia, kufupi ndi pomwe mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, dzinalo ndi la Chitonga ndipo limatanthauza ng'ombe yogona, anawatulukira mu 1960 pokumba malo oika thanki ya madzi. Kenako pamabwera mndandanda wa zomwe anazipeza m'manda, woti ana aloweze: mikanda ya golide, mikanda ya galasi, zibangili za mkuwa, mitanda ya mkuwa, mphande, zipangizo zokokera waya. Ine ndinkalemba pa bolodi, iwo n'kumakopera. Nditacheuka ndinaona mtsikana wina wa ku benchi yakumbuyo atawerama, manja ali kunsi kwa desiki. Ndinkayesa ndi foni. Nditafika ndinapeza akukulunga waya wofiira, wowonda ngati ulusi, pa kachingwe, ndipo pakati pake panali kamwala kobiriwira kamizeremizere.

Ndinalanda. Ndinakweza m'mwamba kuti kalasi yonse ione, n'kufunsa kuti, "Iwe, zidolezi udzaleka liti? Kapena ukudikira ulephere kaye mayeso?" Kalasi yonse inafa ndi phwete chifukwa cha dzina la malo lija. Paja akuluakulu amati dzina loti Dzaleka ndi la nthawi ija malowa anali ndende, mu ulamuliro wa Kamuzu, pomwe wotulukamo ankalumbira kuti ndidzaleka. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwinoko. Koma pakamwa pa mphunzitsi amene waseketsa kalasi sipatsekeka msanga. Ndinafunsanso kuti waya ameneyu wamutenga kuti, n'kuwonjeza kuti anthu akamalira za mawaya a magetsi obedwa, ndiye kuti akuthera kotereku. Mtsikanayo anali wa m'kampu, wochokera ku Congo. Sanayankhe. Anangotola cholembera n'kupitiriza kukopera mndandanda uja.

M'mawa mwake, belu lisanalire, anafika agogo ena aamuna akukankha njinga. Pa kaliyala panali chinthu cholemera chokulunga m'saka. Analowa nacho mu stafurumu n'kuchikhazika pa tebulo langa, pamwamba pa makope. Inali mota ya chigayo yopserera, mbali ina atasolola kale waya. Chichewa sankachidziwa kwenikweni, ndiye anangoloza n'kunena kuti, "Mwalimu, waya uyu. Ndagula." Kenako anatambasula dzanja kuti ndiwapatse chibangili cha mdzukulu wawo. Ndinatsegula dirowa. Munalibe. Dirowayo inalibe loko, ndipo mu stafurumu mumalowa aliyense. Ndinawauza kuti abwere mawa, ndichipeza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunyamula mota yawo. Ndinafufuza sabata yathunthu, osachipeza. Iwo sanabwerenso, ndipo kunena zoona ine ndinapumira m'mwamba.

Mtsikana uja sanalephere. MSCE anakhoza bwino kuposa ambiri mwa amene anamuseka tsiku lija, pepani ana anga, koma mukudziwa nokha. Vuto ndi loti setifiketi ya mwana wa m'kampu siyenda ulendo womwe ya mwana wa ku Mponela imayenda. Malamulo athu salola othawa kwawo kukhala kunja kwa kampu kapena kulembedwa ntchito mwachisawawa. Kampu imeneyi inatsegulidwa mu 1994 kuti musungidwe anthu pafupifupi 10,000, koma pofika 2023 anali atapitirira 50,000, ndipo ambiri mwa ana amene timawaphunzitsa anabadwira momwemo. Ife timawauza tsiku ndi tsiku kuti sukulu ndiyo kiyi, osawauza kuti zitseko zina zili ndi maloko awiri. Ndinamva kuti anakakhalako ku Lilongwe, akugulitsa ndolo ndi zibangili, mpaka mu Meyi 2023 pomwe boma linagwira othawa kwawo okhala m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka. Anabwerera ndi chikwama chimodzi, zipangizo zake zili momwemo.

Zonsezi ndinkangomva kwa anthu. Chomwe chinandifikitsa pakhomo pake ndi chinkhoswe cha mwana wathu wamkazi. Mayi a kunyumba anaona mkanda wa m'khosi pa mphunzitsi mnzawo, mwala wotuwa mofiirira utakulungidwa mu waya wa mkuwa, ndipo anati wotere ndi womwe akufuna kuti mwana adzavale. Atafunsa kuti anaupanga ndani, dzina lomwe anabwera nalo kunyumba linandiuma pakhosi. Ndinayesa kuzemba, kunena kuti ku Lilongwe ziliko zambiri zochokera ku China, zotchipanso. Amene muli pabanja mukudziwa m'mene milandu yotere imathera. Loweruka lotsatira ndinali m'tinjira ta m'kampu, kufunsa nyumba.

Anandilandira ndi "Aphunzitsi, lowani," ngati tinasiyana dzulo. Ine ndi amene ndinasokonezeka, osadziwa kuti ndinene iwe kapena inu kwa mayi wa mwana mmodzi. Ndinayamba ndi inu, iye n'kuseka, ati zikumveka ngati walakwa. Pakhonde panali agogo aja, atakalamba zedi tsopano, atafunda bulangeti. Anandizindikira. Anangoti "Mwalimu," n'kugwedeza mutu.

Malo ake ogwirira ntchito ndi tebulo limodzi pafupi ndi windo, mbaula, chidebe cha madzi, mapulayala awiri, tupa, kahamala, sandipepa ndi mwala wonolera mipeni. Koma chomwe maso anga anagwerapo ndi chitsulo chafulati, chotalika ngati rula ya ana, chokhomedwa pa chipika. Chinali chidutswa cha sipuling'i ya galimoto, ataboolamo mabowo khumi ndi limodzi, kuyambira lalikulu mpaka laling'ono loti singano ndiyo ingalowe. Ndinafunsa kuti n'chiyani. Anati n'chokokera waya, anachipanga ndi agogo.

Anzanga, ndaphunzitsa Ingombe Ilede zaka zoposa makumi awiri. Mawu oti zipangizo zokokera waya ndawalemba pa bolodi kambirimbiri, ndachongapo mayankho a ana mazanamazana, ndipo ndapereka malikisi kwa aliyense amene anawalemba molondola. Mukanandifunsa kuti waya amakokedwa bwanji, ndikanakuuzani kuti funso limenelo silibwera pa mayeso. Tsiku limenelo ndi lomwe ndinaona.

Amatenga waya wonenepa wa mu mota, n'kuwotcha kaye kuti utoto womwe umakutira wayayo upse. Nsonga amaisongola ndi tupa mpaka ilowe pa bowo lochepa pang'ono kuposa wayayo. Amapaka kandulo kuti aterere, n'kugwira nsonga ndi pulayala, phazi n'kuponda chipika, kenako n'kukoka. Waya amatuluka mbali inayo atawonda ndiponso atatalika. Akatero amapita pa bowo lotsatira. Anandipatsa kuti ndiyese. Bowo loyamba ndinadutsa, lachiwiri movutikira, lachitatu waya anaduka n'kutsala pang'ono kundigwetsera pa mbaula. Agogo aja anaseka mpaka kutsokomola. Anandifotokozera kuti mkuwa ukamakokedwa kapena kusulidwa umauma n'kuyamba kuthyoka, ndiye pakadutsa mabowo awiri uyenera kuuika pa makala mpaka ufiire pang'ono, n'kuuviika m'madzi. Ukatero umafewanso ngati chingwe. Anzanga a Physics, apa pali phunziro lanu laulere: chitsulo cha mpeni ukachiwotcha n'kuchiviika m'madzi chimauma, pomwe mkuwa umatuluka wofewa. Dziwaninso kuti mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085 ndipo golide pa 1,064, kutanthauza kuti ng'anjo yotha kusungunula mkuwa singalephere golide. Anthu a ku Ingombe Ilede analibe chopimira kutentha, ankangoona mtundu wa moto, monga momwe mwana wangayu amachitira pa mbaula yake.

Waya akawonda ngati ulusi amamukulunga mothinana pa chingwe cha khonje, ndipo chimatuluka chibangili chopindika, chosathyoka. Umu ndi m'menenso zibangili zambiri za m'manda aja zinapangidwira, waya wokulungidwa pa ulusi wa zomera. Ndiye kuti tsiku lija, pomwe ndinkalemba mawu pa bolodi, chinthu chenichenicho chinali kupangidwa ku benchi yakumbuyo, ine n'kuchitcha chidole.

Za miyala ndiye tinakambirana nthawi yaitali. Wotuwa mofiirira uja ndi rose quartz wa ku Mzimba, komwe kumachokeranso aquamarine. Ali ndi tizidutswa ta agate wobiriwira ngati mtambo wa ku Ngabu, ku Chikwawa. Amagula kwa anyamata oyenda ndi miyala m'matumba, ndipo amagula zotsalira, zomwe ogula akuluakulu akana. Makina odulira kapena oboolera alibe. Quartz ndi mwala wouma kwambiri, umakanda ngakhale galasi, ndiye kuti ausalaze amakhala akuupera pa mwala wonolera ndi madzi, kenako pa sandipepa, masiku awiri kapena atatu mwala umodzi. Popeza sangauboole, amaumanga mu waya ngati mwana kumbuyo, mwala osagwa komanso osabisika. Nthawi ina anamugulitsa zidutswa za botolo ati ndi miyala, ndipo kuyambira pamenepo amayenda ndi kagalasi koyesera. Ndinamufunsa za ruby wa ku phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, yemwe timamutchula mu Geography. Anati amangomuona pa foni. Ine ndomwe, mbadwa ya dziko lino, sindinamugwirepo. Miyala yathu yabwino yakhala ikutuluka m'dziko muno ili yosakonza, n'kukadulidwa kwina, ndipo mu 2025 boma linalamula kuti miyala yosakonza isamatumizidwe kunja. Lamulo ndi lomveka, koma munthu mmodzi yekha amene ndikumudziwa amene amakonzadi mwala m'boma lino la Dowa amaupera pamanja, ndipo kuti akafike ku Lilongwe kukagula sandipepa yabwino ayenera kupempha chilolezo.

Titagwirizana za mkanda wa chinkhoswe anatchula mtengo, ine mwachizolowezi n'kuyamba kunenerera. Sanakwiye. Anangowerenga pa zala: tsiku limodzi kukoka waya, atatu kupera miyala, awiri kuluka, kuphatikiza makala. Kenako anati, "Aphunzitsi, gawani nokha, masamu munkatiuza kuti ndi ofunika." Ndinagawa mumtima, n'kupeza kuti waganyu wolima m'munda mwanga amalandira zoposa pamenepo pa tsiku. Ndinalipira osatsitsa.

Apa ndi pomwe iye anatulutsa pempho lake. Pa chikondwerero cha Tumaini, chija Menes La Plume anachiyambitsa m'kampumu mu 2014, anakumana ndi mayi wina wa sitolo ya alendo mumzinda, amene amamugula katundu nthawi ndi nthawi. Mayiyo ankafuna kuti chinthu chilichonse chizikhala ndi kakhadi ka Chingerezi konena kuti chapangidwa potsata luso lamakedzana la osula golide a mafumu a mu Africa, ati alendo amagula nkhani kuposa mkanda. Mwana wangayu anati mawuwo akumulemera. Golide anamugwirapo kamodzi kokha, pomwe mayi wina wa ku Somalia anabweretsa ndolo yothyoka kuti amukonzere. Agogo ake sanali osula a mfumu iliyonse, ankasema malachite ndi kupanga zibangili kufupi ndi Likasi, ku Katanga. Koma ankaonanso kuti si bodza lonse, chifukwa maonekedwe a mikanda yake ina anatengera pa zithunzi za zinthu za ku Mapungubwe zomwe anaziona pa intaneti. "Inu ndi a History," anatero, "ndilembereni zoona, koma zoti zigulitse."

Ndinakhala nayo sabata ziwiri ntchito imeneyi, ndipo ndinawerenga kuposa m'mene ndawerengera pokonzekera phunziro lililonse. Osula golide akale analipodi kuno kummwera kwa Africa. Ku Mapungubwe, kufupi ndi mtsinje wa Limpopo, komwe anayamba kukumba mu 1933, anapeza kachipembere ka golide ka m'zaka za m'ma 1200. Si ka golide yekhayekha: anasema mtengo, n'kusula golide mpaka kupyapyala ngati pepala, n'kumukhomerera pa mtengowo ndi timisomali ta golide. Ku Great Zimbabwe ndi m'mabwinja ena a miyala kunalinso mikanda ndi waya wa golide, koma m'mabwinja enawo zambiri zinatha chifukwa mu 1895 azungu anakhazikitsa kampani yotchedwa Rhodesia Ancient Ruins, yomwe ntchito yake inali kufukula mabwinjawo n'kutengamo golide. Ku Ingombe Ilede anthu olemera anaikidwa ndi mikanda ya golide m'khosi, koma chochuluka chinali mkuwa. Ndipo aphunzitsi anzanga, konzani manotsi anu: mu 2017 Susan McIntosh ndi Brian Fagan anayezanso zaka za manda olemerawo n'kupeza kuti ndi a m'zaka za m'ma 1500, osati kale kwambiri monga mabuku athu akale amanenera.

Kwathu kuno nkhani ndi yosiyana pang'ono, ndipo tisadzinamize. Amaravi ankatchuka ndi chitsulo ndi minyanga ya njovu. Ku Mankhamba, likulu la Kalonga kufupi ndi Mtakataka, a Yusuf Juwayeyi atakumba anapeza zinthu za mkuwa, mikanda ya galasi, minyanga ndi zidutswa za mbale za ku China. Chuma chovala cha makolo athu chinali mikanda, makoza, zikwinjiri ndi mphande. Mawu omwewa oti chuma ndi osangalatsa: kwa ife ndi katundu ndi ndalama, m'Chishona ndi mikanda, m'Chiswahili cha m'kampumu ndi chitsulo. Mkuwa m'Chiswahili ndi shaba, ndipo Katanga yemweyo ankatchedwa Shaba kuyambira 1971 mpaka 1997. Kumeneko anthu ankasungunula malachite m'ng'anjo n'kuumba mitanda ya mkuwa yomwe inkayenda ngati ndalama, kalekale azungu asanafike.

Nditabwerera ndi zomwe ndinapeza, ndinafotokoza zonsezi pakhonde paja, iye akumasulira agogo ake m'Chiswahili. Ndinawonjeza zomwe timaphunzitsa, zoti Achewa amati makolo awo anachokera ku Uluba, ku Katanga komweko. Agogo anamvetsera, n'kuyankha mawu omwe mdzukulu wawo anazengereza kumasulira. Ati, "Ndiye kuti mwalimu, inu ndi amene munayamba kuthawa. Ife tangokutsatirani." Tinaseka tonse. Koma pobwerera ndinkaganiza za m'mene kunja kuno timawatchulira onse a m'kampu kuti Maburundi, kaya ndi a ku Congo, ku Rwanda kapena ku Ethiopia, ndipo ine mwini ndawatchulapo choncho.

Kakhadi ndinalemba mizere inayi. Kuti mkuwa ndi wa mu mota ya chigayo yopserera. Kuti mwala ndi wa ku Mzimba, woperedwa pamanja. Kuti waya anakokedwa pa chitsulo chamabowo, njira yomwe zipangizo zake zinapezeka ku Ingombe Ilede. Kuti wopanga ndi mayi wa ku Dzaleka amene anaphunzira kwa agogo ake a ku Katanga. Za golide ndi mafumu sindinalembe. Mayi wa sitolo uja akuti anavomera, koma anachotsa mzere wa mota ya chigayo, ati alendo angaganize kuti ndi zotola kudzala. Ine mzere umenewo ndi womwe ndinkaukonda kwambiri, pa zifukwa zomwe tsopano mukuzidziwa.

Tsiku lokatenga mkanda ndinalimba mtima n'kufunsa za kamwala kobiriwira kaja. Anati kanali malachite, kamodzi mwa timiyala tisanu tomwe agogo anatuluka nato ku Congo atasokera mu mpendero wa jekete. Tiwiri anagulitsa panjira, kamodzi ndi kamene ndinataya ine, tiwiri tilipo. Anatulutsa kamodzi m'kachitini n'kundiika m'dzanja. Ndi kofewa, ati ngakhale madzi a mandimu omwe amatsukira mkuwa akakakhudza kamawonongeka. Ndinapepesa, kwa iye ndi kwa agogo, mawu omwe ndinayenera kunena zaka zambiri zapitazo. Ndinafunsa ngati ndingalipire. Iye anayang'ana agogo ake, agogo n'kupukusa mutu. Sananene kuti palibe kanthu, ndipo ndikuganiza kuti anachita bwino osanena.

Mwana wathu anavala mkanda uja pa chinkhoswe, ndipo azakhali ake mpaka lero akufunsa kuti tinaugula ku Joni kapena kuti. Kumbuyo kwa waya anapakako kyutekisi yoyera kuti mkuwa usadetse khosi, amene mukufuna kugula mudziwiretu zimenezo.

Sabata ya mawa ndifikanso pa mutu wa Ingombe Ilede. Ndinamupempha kuti abwere adzaonetse ana, koma anakana, ati m'kalasi imene ija salowamonso. Chomwe wavomera ndi kundibwereka chitsulo chamabowo chija, pulayala imodzi ndi waya wokwana ana angapo kuyesa. Mbaula ndinyamula ya kunyumba, ahedi ndawauza kale kuti akaona utsi kuseri kwa Fomu 3 asaimbe belu. Wandipatsa malamulo awiri. Chitsulocho chibwerere Lolemba madzulo, chifukwa Lachiwiri ndi tsiku la msika m'kampu. Ndipo, aphunzitsi, chonde musakachiike m'dirowa.